Minibasi Yonunkha Nsomba

Amuna anga atapuma pantchito anagula minibasi yochokera ku Japan, yogwirako kale ntchito. Anafika nayo ku Nsungwi akuliza hutala ngati anyamula mkwatibwi. Nditangotsegula chitseko, fungo la nsomba linandilandira.

"Bambo, mwagula galimoto kapena dengu la usipa?"

"Litha, mayi. Yayenda panyanja imeneyi."

Silinathe. Tinatsuka ndi sopo, mandimu, mpaka phulusa. Pasiteji oitanira ankakuwa kuti, "Tauni! Ndiwo zaulere!" Atsikana a m'maofesi ankangosuzumira n'kubwerera, ati angakafike kuntchito amphaka ali pambuyo. Galimoto inkayenda ndi anthu owerengeka. Ndinkalalata, koma kunena zoona ndinali ndi mantha, chifukwa tinalibe kwina kodalira.

Tsiku lina ndili momwemo kupita kutauni, munakwera mayi wina wa ku Japan amene ankaphunzitsa masamu pasekondale. Anakoka mpweya n'kumwetulira, misozi ili lengelenge. Ndinaganiza kuti naye zamukwana, koma iye anati limenelo ndi fungo la kwawo.

Anafotokoza m'Chichewa chake chotsimphina kuti kwawoko ndi mzinda wa asodzi, wopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja yamchere, moti nyumba zina zinachita kukwera phiri. Maboti amafika tambala asanalire. Nsomba zina, zazitali ngati munthu wamkulu, amazigoneka pasimenti mumsika, ogula n'kumalimbirana. Zing'onozing'ono amaziyanika m'makonde, mbalame n'kumaba. Mphunzitsi, dokotala, aliyense ali ndi m'bale wake m'boti.

Zonsezo zinali zabwino, koma ine funso langa linali limodzi.

"Nanga fungolo amalichotsa bwanji?"

"Salichotsa, amayi. Likachepa m'misewu anthu amada nkhawa, amadziwa kuti asodzi abwera chimanjamanja."

Amuna anga anali pachiwongolero, makutu atatchera kumbuyo.

M'mawa mwake sanapite kusiteji. Anakaima kumsika kumene amayi ogulitsa nsomba amapikula, amayi amene maminibasi ena ankawadutsa chifukwa cha madengu awo. Ndinamva kuti galimoto inadzaza injini isanazime, ndipo mmodzi, akukweza dengu la utaka, anafunsa kuti, "Abambo, munali kuti zaka zonsezi?"

Madzulo analowa m'nyumba akununkha kuposa galimoto yawoyo, ndipo ine ndinawalandira ndi manja awiri.