Tsiku Limene Ndinakalipira Mlamu M'Chizungu

Ndiulule ndekha uchitsiru wanga musanaumve kwa akazi anga. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti akufa samva Chizungu.

Musaseke msanga, nzeru yake inalipo. Kwathu kuno munthu wamkulu akakuuza kuti "udzaona", mawuwo amamera miyendo, amakutsata mpaka kumunda. Koma ine ndinasesa m'maofesi pa Boma mpaka imvi, ndinkakalipiridwa m'Chizungu m'mawa ndi masana, osadwala ngakhale chimfine. Sukulu ndinailekera panjira, koma mawu okalipira ndinawadziwa ngati nsomba za mu Luangwa. Nonsensi ndi wa zimene walankhula. Rabishi ndi wa zimene wapanga ndi manja. Woningi amabwera mwaulemu, amayamba wakupatsa mpando n'kutseka chitseko. Koma yusilesi sasankha, amakutenga wathunthu, ndi nsapato zomwe.

Nditapuma ntchito ndinayamba kutsagana ndi mlamu wanga, mlongo wa akazi anga, kukaponya ukonde pa Zambezi. Kumtunda kwa mudzi wa Kavalamanja kuli dziwe lina lakuda, lozunguliridwa ndi bango. Pamenepo anthu sakalipirana. Ngakhale mnzako akuponde pachilonda, umameza mawu mpaka mutadutsa, chifukwa eni ake a pansi pa madzi sakondwa ndi mkwiyo.

Tsikulo dzuwa lili paliwombo, mlamu anakoka ukonde mwaulesi, nsomba yaikulu n'kupulumuka tikuiona.

Ndinakuwa, "Yusilesi! Rabishi ya msodzi!"

"Alamu, mwaiwala pomwe tili?"

"Ine ndalankhula Chizungu. Azigogo anu pansipo anachiphunzira kuti?"

Sanaseke. Mbalame za m'bango zinaleka kulira zonse pamodzi, ngati wina watseka wailesi. Tinapalasa, bwato osasuntha. Madzi ankayenda ndithu, zinyalala zikutipitirira, koma ife tili pomwepo, moyang'anana ndi mtengo umodzimodzi womwewo. Ndinamiza nkhafi kuti mwina takhala pamchenga. Sinagunde kanthu.

Kenako m'bango munatuluka mawu a munthu wokalamba, otsika, opanda ukali. "Yusilesi." Anawatchula bwino kuposa ine, mmene ankatchulira mabwana akale. Wina anabwereza kumbuyo kwathu. Wina pansi pa bwato penipeni, mpaka ndinawamva kumapazi. Madzi anayamba kukwera m'mbali mwa bwato pang'onopang'ono, ngati tikukweza anthu ena amene sitikuwaona.

Mlamu ananong'ona, "Tungani madzi ndi manja, muvumate, mulavule. Bwezani mawu anu."

"M'chilankhulo chanji?"

"Alamu, tikumira!"

Ndinavumata madzi amatope aja, ndinalavula, n'kunena mokweza kuti mlamu wanga ndi msodzi weniweni, mwana wa anthu, ndipo ngati pali zinyalala zili m'kamwa mwanga muno. Ndinaonjezapo sore wa Chizungu, kuti aliyense pansipo atolepo chake. Mlamu anakhuthulira fodya wake yense pamadzi. Bwato linapepuka kamodzin'kamodzi, ngati anthu atsika, n'kuyamba kuyenda. Mpaka padoko palibe anacheuka.

Usikuwo mantha atachepa ndinafotokozera akazi anga, ndikuthira timchere kuti aseke. Ndinati kapena mizimu ya masiku ano imapita kusukulu ya akuluakulu. Iwo anapitiriza kupala nsomba zopempha kwa aneba, osandiyang'ana.

"Imwe atate a ana, mumadziyesa ndinu oyamba kukalipiridwa m'Chizungu? Ogona padziwepo anali opalasa bwato la mzungu, ndipo agogo anga ndi mmodzi mwa iwo. Linagubuduka mzunguyo ali chiimire, akuwakalipira. Mawu mwawaponyerawo ndiwo omaliza amene anamva."