Diresi Lonyowa la ku Chikale

Fungo la phula wotentha likangondipeza, ndimawaona agogo anga aamuna, a Longwe, atawerama pa bwato lawo pagombe la nyanja ku Chikale, akumata ming'alu, utsi ukuwalowa m'maso, uku akundikalipira kuti ndachedwa. Ndinali kamtsikana ka pulayimale, ndipo m'mawa uliwonse, anzanga akutsuka mbale pamchenga, ine ndinkalowa m'madzi ozizira ndi diresi langa lalitali, lija lobisa mawondo monga linkafunira lamulo la masiku amenewo.

Anyamata ankasambira momenya madzi, thovu lokhalokha, koma agogo ankati kumeneko n'kusewera. Ine anandiphunzitsa kusambira kwa chule. Ankandipatsa kathabwa kuti ndigwire, n'kumakankha madzi ndi miyendo yokha mpaka ntchafu kuwotcha, kenako ankandilanda kathabwako kuti ndizikoka madzi ndi manja, kuchoka pa mwala wina kukafika pa wina. Nditazolowera, anandimangirira nkhafi yakale m'chiuno kuti ndiziikoka. Ha, nkhalamba ija inalibe chisoni!

"Kankha, tambasuka, puma," ankafuula ali pamwala. "Wothamanga amatopera pakati, mwana wangu."

Tsiku lina ndinalira. "Agogo, diresili likulemera. Ndiloleni ndisambire ndi pitikoti yokha ngati anzanga."

"Nyanja sidikira kuti uvule kaye," anatero, n'kubwerera ku phula wawo.

Amayi ndiwo anadzandiuza, tikusenda chinangwa, kuti agogo aakazi anamira amuna awo ali ku migodi ya ku Joni. Kusambira ankakudziwa bwino, koma nsalu inawakulunga miyendo, gombe likuoneka.

Chaka chomwe ndinamaliza pulayimale, tikubwerera kuchokera kwa azakhali pa bwato la msuweni wanga, mphepo ya mwera inadzuka masanasana, bwato n'kutembenuka. Msuweni anakakamira bwatolo mpaka asodzi anadzamutola, koma ine funde linanditaya patali. Ndinachita mantha osaneneka. Diresi linandimata thupi lonse, koma miyendo yanga inalidziwa kale kulemera kwake. Kankha, tambasuka, puma. Ndinameza madzi, mapewa anafa dzanzi, koma sindinathamange.

Nditayandikira gombe, ndinawaona agogo ataima m'madzi ofika pachifuwa, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anandigwira mkono, misozi ili mbwee m'masaya mwawo.

"Miyendo yako ikadali yaulesi," anatero. "Mawa usachedwe."

Lero ndine gogo, mawondo akuphwanya. Adzukulu anga amabwera kuchokera ku Mzuzu ndi tizovala tosambirira tokongola togula m'sitolo. Ndimatiyamikira ndithu, kenako ndimawabweza m'nyumba kuti akavale madiresi. Amanyinyirika, amati agogo mulibe chisoni, ndipo pamenepo m'pomwe ndimawasowa kwambiri a Longwe.