Madala a Zaka Ziro

Pa zaka zimene anthu ankawoloka malire kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, ine ndinkagwira ntchito pa ofesi ina yothandiza othawa kwawo pa boma la Mwanza. Tinali ndi kompyuta imodzi, ndipo tinkaifunditsa chitenje kuopa fumbi la mathiraki. Ntchito yanga inali yosunga kaundula mmenemo: dzina, mudzi, chaka chobadwa.

Tsiku lina anamwino a ku sikelo anapempha mayina a ana osakwana zaka zisanu kuti azilandira phala. Kuwerengera zaka za munthu aliyense pamanja ndikanakalamba nako, choncho ndinalemba kafankishoni. Aka ndi kalangizo kamene umakapatsa chaka chobadwa, iko n'kukubwezera yankho. Koma polemba umayenera kusankhiratu kuti yankholo lizibwera ngati chiyani: nambala, mawu, kapena eya ndi ayi. Ine ndinasankha nambala. Nanga zaka si nambala?

Chimene ndinaiwala n'chakuti anthu ambiri sankadziwa chaka chawo. Ukafunsa, wina amati, "Ndinabadwa chaka chimene mbuzi zinkafa." Pamenepo ndinkangosiya posalemba. Kafankishoni kanga, poti ndinakalamula kuti kazibweza nambala basi, kakapeza posalemba kankabweza ziro. Mayina anapita ku sikelo ine osawayang'ana.

Lachinayi mmawa kunafika madala ena a ndevu zoyera, jekete yofika m'mawondo, kapepala kali m'manja.

"Bondiya, mayi," anandipatsa moni wa Chipwitikizi. "Akuti ndikapachikidwe pa sikelo."

"Inu agogo? Kumeneko n'kwa ana."

"Dzina langa lilipo. Zaka ziro. Anamwino aseka mpaka kugwira khoma, akuti ndikabwere ndi amayi anga."

Nditasuzumira panja ndinaona makanda ena atakhala pa benchi: wina akufwenkha fodya, wina ali ndi ndodo. Ndinalakalaka kulowa pansi pa chitenje pamodzi ndi kompyuta.

Abwana athu, amene anaphunzirako kompyuta ku Blantyre kwa milungu iwiri ndipo sankalola kuti tiiwale, anabwera akupukusa mutu.

"Nambala ya chiyani? Funso ndi limodzi: kodi ndi mwana? Kaziyankha eya kapena ayi."

Ndinasintha. Madala aja anatuluka m'gulu la ana, n'zoona. Koma tsopano pali ponse posalemba kankayankha ayi, moti kamwana kena kofika kumbuyo kwa azakhali ake, kosadziwika chaka, kanasanduka munthu wamkulu woyenera kulandira khasu. Eya ndi ayi alibe malo a munthu wonena kuti sindikudziwa.

Kachitatu ndinasankha ndekha kuti kazibweza mawu: "mwana", "wamkulu", ndipo posalemba kazinena kuti "kamuoneni". Abwana anati yankho lotero si la kompyuta, n'la sing'anga. Komabe linagwira ntchito, kungoti amene ankapita kukaona anali ine, pa njinga, mpaka kwa Nthache.

Pa ulendo woyamba abwana anandipatsa nzeru ina. "Musavutike, ingoyang'anani mano. Wopanda mano ndi mwana."

Nyumba yachitatu ndinapeza madala a jekete aja akusema mpini. Nditawauza nzeru ya abwana mocheza, anaika kasemasema pansi, n'kuyasamula kukamwa konse. Munalibe dzino ngakhale limodzi.

"Mwaona nokha, mayi. Makina anu aja sananame. Ndinu amene mwawasokoneza. Phala langa lili kuti?"

Ndinawalemba kuti wamkulu, iwo akudandaula kuti akula msanga, sabata imodzi yokha. Lachinayi lotsatira anapitabe ku sikelo, n'kukhala pa mzere pakati pa amayi oyamwitsa, jekete atayikoloweka pa bondo. Anamwino anawakana kawiri. Kachitatu anatopa nawo, anawapatsa ntchito yotakasa phala, ndipo wotakasa sakanizidwa kulawa.