Njere za loveji zimene ndidakazinga

Ine ndidachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira ndimaweramitsa mutu: ndidapatsa mnzanga mbewu yokazinga kuti akafese. Inu owerenga, musafulumire kunditukwana, mudzanditukwane mukamva zonse.

M'zaka zimene mzinda watsopano wa Lilongwe unkamangidwa, ndinkagwira ntchito ya m'maluwa kwa azungu ena ku Area 12. Adona a pakhomopo adali ndi kadimba ka masamba onunkhiritsa chakudya: pasile, minti, thaimu ndi china chotchedwa loveji chimene adabwera nacho kuchokera kwawo. Masamba a loveji amafanana ndi a selari, koma fungo lake ndi lamphamvu moti tsamba limodzi limakwanira poto yense wa supu. Pobwerera kwawo, adonawo adandikumbira tsinde limodzi, nandichenjeza kuti limadana ndi dzuwa lambiri komanso madzi odikha.

Ntchito idatha, koma ndidatsimikiza kuti kumudzi chimanjamanja sindibwerera. Ndidapeza kamalo kumadimba a m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, pafupi ndi Old Town. M'mawa uliwonse ndinkamanga timitolo, kuika m'dengu, kufunditsa chiguduli chonyowa, khadi la chipani m'thumba, ulendo wa ku Area 12 panjinga. Pasile ndi minti ankagulitsanso ena, koma loveji adali wa ine ndekha. Makhukhi ankachita kundidikirira pageti, ndipo akatenga loveji ankatengeratu zina zonse za m'dengu. Kunena zoona, banja langa linkadyera tsinde limenelo.

Dimba la kumtunda kwa langa lidali la Che Asani, bambo wachikulire wolima danya, masamba onunkhiritsa ndiwo, ndi tsabola zogulitsa kwa amwenye a ku Area 2. Kumadimba mbewu sitimanana, ukapempha umapatsidwa, ndipo danya wanga woyamba adandipatsa ndi iwowo. Tsiku lina adandipempha kamphukira ka loveji. Mtima wanga udati ayi. Kukana poyera kukadandichititsa manyazi, choncho ndidanama kuti tsindelo ukaligawa limafa, n'kuwalonjeza njere. Njerezo zitakhwima ndidadikira kuti mkazi wanga apite kumsika, ndidaziika paphale, kuzikazinga pang'ono, n'kukazipereka ndikumwetulira.

Abale inu, mkulu uja adathirira nazale imeneyo mwezi wathunthu, ine ndikuona. Ndinkachita kufunsa dala ngati zamera, iwo n'kumangoyankha kuti, "Tidikirebe, achimwene."

Dzinja lotsatira mtsinje udasefukira ndipo madzi adadikha m'dimba langa masiku anayi. Minti idaphukanso, pasile ndidafesa wina. Loveji nditamufukula ndidapeza muzu utafewa ngati chinangwa choviika. Sindidakhale pansi. Ndidazungulira masitolo a mbewu, ndidafunsa anzanga ogwira ntchito m'maluwa nyumba ndi nyumba, koma palibe ankadziwa ngakhale dzina lake. Makhukhi aja adayamba kusuzumira m'dengu n'kundiuza kuti pasile agula kale kwa wina. Ndinkabwerera kunyumba dengu lili lodzaza, masamba atafota.

Mkazi wanga adandipirira sabata ziwiri, kenako adandikhazika pansi. Adati, "Bambo, mumayesa fungo lija silidatsalire paphale?" Adaulula kuti atazindikira zimene ndidachita, adathyola kamphukira m'dimba langa n'kukapatsa akazi a Che Asani. Ndidakwiya, ndidalalata, ndidamutcha wakuba. Iye adangondifunsa ngati ana adya mkwiyo wangawo.

Ulendo wa kudimba la Che Asani ndi waufupi, koma tsiku limenelo udanditalikira. Ndidavula chipewa, ndidakhala pansi, ndidaulula zonse osasiyako. Iwo adaseka mpaka kutsokomola. Adati, "Ndidaluma njere imodzi tsiku lomwelo, achimwene, n'kudziwa kuti n'zokazinga. Ndinkathirira kuti ndione ngati mtima ungakupwetekeni."

Adanditengera kuseri kwa nthochi zawo, pamthunzi. Padali matsinde atatu a loveji obiriwira bwino, ndipo pa miyezi yonseyo sadagulitseko tsamba ngakhale limodzi kwa makasitomala anga. Adakumba awiri n'kundipatsa, lachitatu adati likhala pomwepo, kuopera mtsinje. Ndidalira, inde, bambo wandevu ndidalira pamaso pa munthu amene ndidamupusitsa.

Ndidayambiranso. Ndidakweza mabedi anga, ndidakumba ngalande, ndidabwerera pageti lililonse mpaka makhukhi adayambanso kundiitana. Chiyambire pamenepo, loveji akangochuluka ndimagawa tsinde n'kupatsa mlimi mnzanga, makamaka wa dimba la kumtunda. Ena mwa iwo amagulitsa kumene ndimagulitsa ine, ndipo sindidagonepo ndi njala chifukwa cha zimenezo.

Inu owerenga amene muli ndi mbewu yosowa, musaisunge pamalo amodzi chifukwa choopa mnzanu. Mtsinje sudziwa kuti tsinde ndi limodzi lokha. Ngati simufuna kupereka, kanani poyera, musachite zauchinyama ngati zanga. Loveji amene ndinkamulondera usana ndi usiku adaolera m'matope. Amene walera ana anga ndi uja mkazi wanga adandibera.