Amalume a Basi Anakana Makapisozi

Tangoganizani m'mawa wa tsiku la sukulu. Basi yaima pakona, injini ikulira, ana akukwera mokankhana, wina nsapato zili m'manja. Pachiwongolero pali bambo woonda, wa imvi m'mbali, akumwa phala la mpunga la m'fulasiki. Ana athu amangowatchula kuti Amalume a Basi.

Kwa zaka zambiri bambowa ankavutika m'mimba. Munkakhala phee kwa kanthawi, kenaka n'kuyamba kupota ndi kutsegula. Zikatero ankathamangira kugolosale ya alamu awo, omwe ankawagulitsa makapisozi opha tizilombo osafunsa n'komwe. Zinkaleka, n'kudzabweranso. Tsiku lina anaimika basi pamalo omwetsera mafuta, ana ali momwemo, n'kukakhalitsa m'chimbudzi. Makolo atamva anadandaula, ndipo ahedi anawauza mosapita m'mbali kuti zikachitikanso, makiyi apatsidwa kwa wina.

Ndi pamene anapita kuchipatala. Adokotala atawayeza anati mulibe tizilombo toti aphe. Matumbo awo sachedwa kunyansidwa ndi zakudya zina, ndipo makapisoziwo amapha ndi tizilombo tabwino tomwe, tothandiza kugaya chakudya. Anawalangiza kuti asiye zakudya zingapo, kenaka azibwezeretsa chimodzichimodzi kuti adziwe chowapweteka. Koma akadzaona magazi kapena thupi likadzatentha, adzabwere msanga.

Zinapezeka kuti adani awo ndi nyemba, mkaka, anyezi wokazinga ndi tsabola. Vuto linali lakuti wophika kunyumba anali apongozi awo, poti akazi awo amaweruka mochedwa, ndipo apongoziwo sadziwa ndiwo zopanda anyezi.

Lamulungu lina banja lonse lili patebulo, apongozi anawaikira mbale ya nyemba yosefukira. Alamu a golosale anatulutsa kapepala ka makapisozi n'kukaika pambali pa mbaleyo.

"Idyani ngati mwamuna, alamu. Zikavuta, mankhwala ndi awa."

"Sungani, alamu. Ndinamwa shelefu yanu yonse, koma anzanga enieni anakhalabe zimbudzi za m'tauni muno."

Ena anaseka. Apongozi sanaseke. Anafunsa ngati tsopano ayamba kuphika poizoni.

"Ayi, Amayi, mumaphika bwino kwambiri," anatero Amalume, maso ali pansi. "Koma mawa ndinyamula ana a eni. Mbale iyi sindidya."

Anaikankhira pakati pa tebulo, ndipo sanaikhudzenso. Apongozi anakhala masiku angapo osawayankha moni. Amalume sanapepese. Anagula kapoto kawokawo, n'kumadzuka mbandakucha kuphika mpunga, mbatata yowiritsa ndi dzira. Madalaivala anzawo, omwe masana amadya tchipisi pamalo oimikapo magalimoto, anawapatsa dzina lakuti khanda. Amalume ankangoyankha kuti khandalo lili ndi ntchito, n'kutsegula kontena yawo ya nthochi.

Sikuti matendawo anatheratu. Atadya mosasamala paukwati wa mdzukulu wawo, m'mimba munawiranso. Alamu anafika ndi kapepala kaja, akumwetulira ngati wopambana mlandu. Amalume anawabweza pakhomo. Anaimbira ahedi kudakali nthawi kuti apeze dalaivala wogwirizira, anamwa madzi ambiri, anadya zofewa zokhazokha, ndipo mkuja wake anali pachiwongolero. Madzulo a tsiku limenelo anapeza apongozi atawapatulira ndiwo asanathiremo anyezi, ngakhale mayiwo ankang'ung'udza kuti galu yemwe sangadye zoterozo.

Ana amawakonda Amalume chifukwa sakalipa. Wina akayamba kudandaula m'mimba m'basi, amamufunsa modekha chimene wadya, n'kumuuza kuti akafotokozere amayi ake, asakangogula mankhwala pagolosale.

Kumapeto kwa chaka, pamene kalasi yomaliza inali ndi ulendo wa tsiku lonse wokaona fakitale ya mapepala, ahedi anasankha Amalume. Anapita nawo anawo ndi kubwera nawo bwinobwino, ndipo makiyi a basi akadali m'thumba mwawo.