Tsabola wa Alandilodi

Kambuzi akangondinunkhira, ndimakumbukira Mayi Nambewe, alandilodi athu ku Biwi. Ndinali ndi zaka zinayi koma ndikuyamwabe, ndipo iwo zinkawawawa ngati berelo linali lawo.

"Taonani chimwana ichi! Mano mbee, chimatumidwa ndi kuokala komwe, koma chikadali pabere," ankatero pampopi, azimayi n'kumaseka chikhakhali.

Tsiku lina anasinja tsabola n'kuwapatsa amayi anga. "Pakani kuberelo, apo ayi musamuke. Kuno si kwanu ku Dedza."

Amayi anapakadi. Nditangoyamwa, m'kamwa munayaka moto. Ine ndinaganiza kuti amayi akupsa m'kati, choncho ndinathamanga kukatunga madzi m'kapu n'kuwathira pachifuwa, ndikukuwa kuti asafe. Anandikumbatira akulira, Mayi Nambewe ali pakhomo kuwomba m'manja.

Nditakula ndinamva kuti ndinali nditasiya kale kuyamwa. Amayi anandibwezera kubere khanda lawo litamwalira, mabere atatupa, m'manja mulibe wonyamula. Mayi Nambewe ankazidziwa bwinobwino zimenezi, poti pamaliropo ndi iwo amene ankalira mokweza kuposa aliyense.