Chibonga Chimodzi, Mitu Iwiri

Chaka chimene zipani zinayamba kuchuluka, ine ndi alamu anga, achimwene a mkazi wanga, tinkagulitsa kaunjika pa Nkando. Iwo ankapinda zovala, ine ntchito yanga inali pakamwa. Munthu wongofunsa njira ankachoka atanyamula jekete.

Tsiku lina tinapeza m'belo malaya awiri ofanana, n'kuvala tokha kuti tikope anthu. M'mutu mwanga anali malaya basi. M'mitu mwa anyamata amene anatsika mu lole masana amenewo, mtundu wa malayawo unali wa chipani cha adani awo.

"Madala, mwavala chiyani?"

"Mukawafuna, achimwene, tikambirana mtengo," ndinatero ine chitsiru.

Mbama inandipeza ndisanatseke pakamwa. Anatigwetsera pamulu wa zovala, kutiponda m'nthiti, wina n'kubwera ndi chibonga. Anandimenya kuseri kwa khutu lamanzere, alamunso pomwepo, ngati anachita kuyeza. Magazi athu ananyowetsa madiresi a ana.

Kuchipatala tinagona mabedi oyandikana, mabala ofanana. Koma zimene chibonga chinatilanda zinasiyana. Alamu anatsitsimuka Chichewa chitawathawa, anangotsala ndi Chilomwe cha amayi awo chimene anachisiya ali mwana. Ine kulankhula ndinkatha, koma mayina a zinthu anasowa. Mkazi wanga anandionetsa sipuni. Ntchito yake ndinkaidziwa, dzina ayi.

"Adokotala, bala ndi limodzi, nanga asiyana bwanji?" anafunsa mkazi wanga.

"Mayi, aliyense amalongedza m'mutu mwake mwa njira yake. Pamalo pamene amuna anu amasunga mayina, achimwene anu ankasungapo Chichewa."

Mantha anandigwira. Wogulitsa wosadziwa dzina la katundu wake adyetsa bwanji ana?

Nditabwerera pamsika ndinakweza chovala m'mwamba, pakamwa pali gwa! Kenako ndinangokuwa: "Cholowetsa miyendo iwiri! Chobisa manyazi!"

Anthu anaunjikana akuseka.

"Abambo inu, ndi thalauzatu iyo!" anatero mayi wina.

"Poti mukuidziwa ndi dzina lomwe, mayi, musaisiye kwa mlendo."

Anagula.

Mayina ena anandibwezera ndi makasitomala, limodzilimodzi. Alamu mpaka lero amatsatsa m'Chilomwe, ndipo achikulire a kumaesiteti a tiyi sagula kwa wina. Dzina limodzi lokha ndilo linakana kubwera: la mtundu wa malaya aja. Mukandiuza lero, mawa laiwalika. Koma ndikangouona m'belo, kuseri kwa khutu kumayamba kutentha, ndimaukankhira pansi pa mulu.